Tiagalu Tiwiri Pa Khomo Limodzi

Galu akaswa m'mudzi wa kumapiri a Dedza, mbiri yake sichedwa kumveka. Mlungu usanathe anthu amayamba kufika pakhomopo, aliyense ndi chifukwa chake. Wina wadzabwereka nkhwangwa, wina wangodzazonda odwala, koma onsewo maso ali kuseri kwa nkhokwe kumene tiagalu taunjikana pa chiguduli, tisanapenye n'komwe. Mwini galu amadziwa chimene abwerera, ndipo amayamba kugawa ndi pakamwa: kakuda aka ndi ka amalume, kamawanga ako kadapita kale kwa aphunzitsi. Mtengo wake mwa chizolowezi ndi nkhuku imodzi, nthawi zina zikomo chabe. Koma milungu ikapita, mkaka wa make n'kuyamba kuchepa, mkute wa pakhomo osakwanira, mwini galu uja amasanduka munthu wopatsa kwambiri. Wodzatenga kamodzi amamuuza kuti, "Tengani tiwiri, achimwene, tizikachezetsana."

Mawu amenewa amakoma m'khutu, makamaka kwa mnyamata amene wangomaliza sukulu nabwerera kwawo ku Bembeke kukatsegula dimba la kachewere, kapenanso kwa mphunzitsi amene wamutumiza ku sukulu ya kutali, nyumba yake ili payokha kumapeto kwa bwalo la mpira. Onse awiriwa akufuna mlonda, ndipo masamu ake akuoneka apafupi, pakuti awiri aposa mmodzi. Komatu ambiri amene adanyamula tiwiri tsiku limodzi adadzazindikira patapita miyezi 6 kuti pakhomo pali agalu awiri ndithu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amabwera akaitanidwa.

Zifukwa zotengera tiwiri si zopusa ayi. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri lake imafika mamita 2,198. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chifunga chikatsika pamodzi ndi mphepo ya mwera, ngakhale munthu wamkulu amafuna mabulangete awiri. Kagalu kochotsedwa kwa make nthawi imeneyi kamalira usiku wonse, m'mawa n'kupezeka m'phulusa la pamoto kali mbuu. Tikakhala tiwiri timafunditsana, a pakhomo n'kupeza tulo. Amene amakhala m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni kapena m'tsinde mwa phiri, kumene anyani amatsikira m'chimanga masana ndipo fisi amazungulira khola la mbuzi usiku, amadziwanso kuti galu mmodzi amauwa ali pakhonde, pamene awiri amalimbitsana mtima n'kufika kukhola. Mutu umodzi susenza denga, amatero.

Palinso maganizo akuti kena kakafa kena kadzatsala. Nzoona kuti tiagalu tambiri ta kumudzi sitikwanitsa chaka. Njoka za m'mimba, zimene kagalu kamatengera kwa make kasanabadwe, zimakatupitsa mimba ndi kukafooketsa, ndipo matenda otsegula m'mimba mwa magazi otchedwa parvo, amene adayamba kudziwika pa dziko lapansi mu 1978, amatha kukapha m'masiku owerengeka. Koma apa masamu aja alakwika. Parvo ikalowa pakhomo pamene tiagalu tiwiri timadyera mbale imodzi ndi kugona chiguduli chimodzi, kawirikawiri imagwira tonse. Kagalu kachiwiri si mankhwala. Ndalama yoti ikadagulira kamodzi mankhwala a njoka ndi katemera ndiyo imene yagawidwa pawiri.

Nkhani ya fisi ndi anyani ndi yoona, koma ikunena za agalu aakulu. Funso lenileni ndi lakuti agalu awiriwo akule motani kuti adzafike pokhala alonda, ndipo yankho lake lili m'milungu yochepa ya ukhanda wa galu.

Ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine ku America, pa malo ofufuzira a Jackson Laboratory, akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, adatha zaka 13 akulera ndi kuyang'anira agalu mazanamazana a mitundu 5. Umodzi mwa mitunduyo udali basenji, galu wosaka wa ku Congo, wa makutu oima ndi mchira wopindikira kumsana, amene munthu wa ku Linthipe atamuona angati ndi galu wa kwawo. Buku la zimene adapeza lidatuluka mu 1965. Chachikulu mwa izo chidali chakuti kagalu kali ndi nyengo yaifupi, kuyambira pa milungu 3 kufikira pafupifupi milungu 12 chibadwire, pamene kamaphunzira kuti mnzake ndani ndipo mlendo ndani. Chimene kachizolowera m'nyengo imeneyo kamachitenga ngati chakwawo. Chimene nyengoyo yatha kasanachione, kamachiopa.

Anzawo atatu a pa malo omwewo, Freedman, King ndi Elliot, adaonetsa zimenezi poyera mu 1961. Adasiya agalu aakazi ndi ana awo m'minda yotchingidwa ndi mpanda, chakudya n'kumachiponya popanda munthu kuonekera. Tiagalu tina adatitulutsamo kwa mlungu umodzi wokha kuti tikhale ndi anthu, tina tili ndi milungu 2, tina 3, tina 5, tina 7, tina 9, kenaka n'kutibwezeramo. Tina adatisiya osatikhudza kufikira milungu 14. Timene tidakumana ndi anthu pakati pa milungu 5 ndi 9 tidakula tokonda munthu ndi tosavuta kuphunzitsa. Timene tidasiyidwa kufikira milungu 14 tidali ngati nyama zakutchire, tothawa munthu, ndipo kutizoloweretsa pambuyo pake idali ntchito yaikulu yopindula pang'ono.

Pakhomo pa munthu sipafanana ndi munda wa mpanda uja, popeza anthu alipo ndipo tiagalu timawaona tsiku ndi tsiku. Koma chiphunzitso chake chikugwirabe ntchito. Kagalu kofika pa khomo latsopano kali ndi milungu 8 katsala ndi mwezi umodzi wokha wa nyengo ija. Kakakhala kokha, kataya make ndi abale ake tsiku limodzi, ndiye kamafunafuna wina woti kamutsate. Kamatsata mnyamata popita kudimba, kamakhala pambali pa mayi akutsuka mbale, ana akamasewera kamalowa pakati pawo, wina kukanyamula, wina kukakoka khutu. M'mwezi umenewo kamaphunzira dzina lake, likhweru la mbuye wake, ndiponso kuti dzanja la munthu likafika pakhosi palibe choopsa. Tikakhala tiwiri, njala imeneyi ya kufuna bwenzi palibe. Bwenzi alipo kale, wolankhula chilankhulo chake, wosatopa ndi masewera, wogona naye usiku. Munthu amasanduka wobweretsa mbale basi. Nchifukwa chake mabungwe a ku America ndi ku Britain amene amaphunzitsa agalu otsogolera anthu osaona, potumiza tiagalu tawo m'mabanja kuti tikakulire kumeneko chaka choyamba, kawirikawiri amapereka kamodzi pa nyumba imodzi.

Aphunzitsi sangadabwe nazo izi. Aliyense amene adaimapo kutsogolo kwa kalasi amawadziwa ana awiri a mudzi umodzi amene amakhala desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Funso likapita kwa wina, maso ake amayamba apita kwa mnzake. Mmodzi amayankha, winayo amangovomera, ndipo mphunzitsi amatha teremu yonse osadziwa kuti wachiwiriyo amadziwa chiyani payekha. Tsiku la mayeso, atawakhazika motalikirana, mpamene zimaoneka. Tiagalu tiwiri timatero ndithu. Kamodzi kamakhala kotsogola, kenako kamabisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo kolimba mtima kakapanda kukhalapo, kamantha kaja kamalira, kukana kudya ndi kuthawira pansi pa nkhokwe. Si matenda ayi, ndipo si tiagalu tonse tiwiri timene timatero, koma alimi a agalu akhala akuziona kawirikawiri kotero kuti sizoti munthu n'kuzinyozera.

Pali chenjezo limodzi loti lisaiwalike. Kunena kuti kagalu kakule kokha sikutanthauza kuti kachotsedwe kwa make msanga. M'milungu 8 yoyamba kamafunika abale ake, pakuti m'masewera awo olumana ndimo mmene kamaphunzirira kuti mano amapweteka. Kakaluma kwambiri, mnzake amalira n'kuleka masewera. Tiagalu timene anyamata amagulitsa m'mphepete mwa misewu ya ku Lilongwe, atatinyamula m'manja pa dzuwa, nthawi zambiri timakhala titachotsedwa kwa make nthawi isanakwane, ndipo wogula chifukwa cha chifundo amangolimbikitsa wogulitsayo kuti mawa abwerenso ndi tina.

Zotsatira za kulera tiwiri zimayamba kuoneka pa miyezi 5 kapena 6, miyendo ikatalika. Galu mmodzi wachichepere sakonda kupita kutali yekha. Awiri amadzuka m'mawa n'kulowera kudambo, ndipo chimene chidayamba ngati masewera othamangitsa nkhuku chimathera pa mwana wa mbuzi ya mnansi. Wina amatsekereza kutsogolo, wina n'kugwira mwendo. Mlandu umapita kwa a mfumu, mwini agalu amalipa mbuzi, ndipo kachewere wa chaka chonse amathera pamenepo. Mnansi amene alibe mtima wopita kubwalo amangoika poizoni wa makoswe m'chidutswa cha nyama, udani wa mabanja awiri n'kuyambira pomwepo. Tsono usiku umene mbala zidzafike kudimba, alonda aja adzakhala ali kutsidya kwa mtsinje.

Tikakhala kamphongo ndi kakakazi, vuto lake ndi lina. Galu sadziwa chibale. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo chaka chisanathe mphunzitsi amene ankafuna mlonda mmodzi ali ndi agalu 7 kapena 8 pa malipiro omwe aja. Tikakhala tonse taamuna kapena tonse taakazi, msinkhu umodzi ndi mphamvu zofanana, nkhondo yolimbirana ukulu imachedwa kutha, ndipo oweta agalu amanena kuti ya aakazi awiri ndiyo yoipitsitsa.

Zonsezi ndi nkhani za chuma ndi mtendere wa pakhomo, ndipo munthu angathe kuzipirira. Imene sangaipirire ndi ya chiwewe.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pa anthu 100 ogwidwa ndi nthendayi, pafupifupi 99 amaitenga kwa galu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamalowera pa bala, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Ulendo umenewo ungatenge milungu kapena miyezi, ndipo m'nthawi imeneyo jekeseni za kuchipatala zimatha kumupulumutsa munthu, monga Louis Pasteur adaonetsera ku Paris mu 1885 pa mnyamata Joseph Meister. Koma zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso mankhwala. Wolumidwa ndi galu atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale laling'ono ngati kukanda kwa minga.

Njira yotsekera nthendayi pa gwero lake ndi kubaya agalu katemera. Akatswiri adawerengera kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa podumphira, ndipo chiwewe chimazima. Kuti zimenezi n'zotheka m'Malawi muno zidaoneka mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma oona za ziweto, lidabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Pambuyo pake ofufuza adafunsa eni agalu amene sadabwere ku malo obayira chifukwa chimene adalepherera. Ena sadamve uthenga, ena kudawatalikira, koma chimodzi mwa zifukwa zimene zidatchulidwa kwambiri chidali chakuti galuyo sagwirika.

Apa mpamene nkhani ya tiagalu tiwiri imakumana ndi nkhani ya moyo wa munthu. Tsiku la katemera kumudzi, alangizi a ziweto amakhala pansi pa mtengo pa sukulu kapena pa msika, ndipo amene amabweretsa agalu nthawi zambiri ndi ana. Mwana wa zaka 10 amafika ndi galu wake pa chingwe cha khonje, amamugwira pakhosi ndi m'chiuno, jekeseni n'kulowa, ntchito yatha. Galu woteroyo ndi uja adakula akunyamulidwa. Agalu awiri amene adakula akudalirana okha sadziwa chingwe. Mmodzi akagwidwa n'kulira, winayo amaliyatsa liwiro la kuphiri, ndipo sabwerera kufikira alangizi atapita. Amatsala wopanda katemera ndi yemwe uja amayendayenda kwambiri, amene amakumana ndi agalu achilendo ndi nkhandwe. Ku Dedza nkhaniyi ndi yaikulu koposa chifukwa cha malire. Kuchokera pa chipata cha Dedza kutsikira ku Lizulu, msewu waukulu umayenda m'mphepete mwenimweni mwa dziko la Mozambique, midzi ya ku Angónia ili tsidya lina la msewu, ndipo galu safunsidwa chiphaso. Wachiwewe amatha kuyenda mtunda wautali tsiku limodzi akuluma chilichonse chimene wakumana nacho. Akaluma galu wa pakhomo wopanda katemera, nthendayo yafika pa khonde pamene ana amadyera.

Wina anganene kuti makolo ankaweta agalu ambirimbiri, nanga bwanji iwo sankavutika. Nzoona, mlenje wa kale popita ku uzimba ankatsatidwa ndi gulu la agalu. Koma gulu limenelo silinkakhala la msinkhu umodzi. Munkakhala galu wamkota wodziwa fungo la gwape ndi likhweru la mbuye wake, munkakhala apakati, ndipo kumbuyo kunkabwera kamodzi kongoyamba kumene. Kakang'onoko kankaphunzira poona akulu. Wamkota akabwerera ataitanidwa, nako kankabwerera. Wamkota akadutsa nkhuku osaziyang'ana, nako kankadziwa kuti nkhuku si nyama ya kutchire. Mlenjeyo ankakhalanso ndi agalu ake tsiku lonse, zimene mphunzitsi wochoka m'mawa ndi kubwera madzulo atanyamula makope oti achonge sangathe. Ndipotu uzimba weniweniwo udatha mphamvu. Nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza ndi zotetezedwa ndi boma, ndipo kuyambira mu 2017, pamene lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa, mnyamata wopezeka akusaka m'malo otetezedwa amaika ufulu wake pachiswe chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Njira ya makolo ija ndiyo yoyenera kutengera. Amene akufuna agalu awiri, ndipo ku mapiri kuno ambiri akuwafunadi, ayambe ndi kamodzi. Akalere chaka chathunthu kufikira kadziwe dzina, chingwe, malire a pakhomo ndi ziweto za eni ake, kalandire katemera, ndipo ngati nkotheka akafule kapena kukatseketsa kwa a ziweto. Chaka chikatha abweretse kachiwiri. Theka la ntchito yophunzitsa adzaigwira ndi galu woyamba uja, ndipo za ukulu sipadzakhala kulimbirana popeza msinkhu udzakhala utaweruza kale. Za kuzizira kwa Juni, chiguduli chouma m'kona mwa khitchini chimakwanira, ndipo kulira kwa usiku kumatha m'masiku ochepa.

Nanga amene tiwiri tili kale pakhomo, mwina make adafa kapena adachita kupatsidwa ndi apongozi oti sakadawakanira? Ngati pali mbale wodalirika wofuna galu, kupereka kamodzi tisanafike milungu 12 ndi chifundo kwa tonse tiwiri. Ngati palibe, ntchito ndi yotilekanitsa tili pa khomo limodzi. Kalikonse kakhale ndi mbale yake, ndipo tidyere motalikirana kuti kamphamvu kasamalande chakudya cha kanzake. Kalikonse kakhale ndi pogona pake. Pakhomo pamene pali ana awiri, aliyense apatsidwe kake, azikaitana ndi dzina lake, azikanyamula, kukagwira makutu, mapazi ndi pakamwa, ndi kukayendetsa pa chingwe kamphindi tsiku lililonse kanzake katatsala. Lero kamodzi kapite kudimba, mawa kapite kenako. Masiku oyamba kotsalako kadzalira ngati kaferedwa, ndipo a pakhomo adzafuna kukamasula kuti katsate mnzake. Kakamasulidwa tsiku limenelo, kaphunzira kuti kulira kumamasula chingwe. Ntchito yonseyi ndi yoposa kuwirikiza kawiri ya kagalu kamodzi, pakuti pali kuphunzitsa aka, kuphunzitsa ako, kenaka kuphunzitsa tonse pamodzi, ndipo munthu ayenera kudziyesa ngati nthawi imeneyo ali nayo pakati pa kupalira, kuthirira ndi kupita ku msika.

Chovuta chenicheni chimakhala pa tsiku lotenga lija, mwini galu atanyamula tiwiri m'manja, kena kakunyambita chala cha mlendo. Kukana mphatso pamaso pa mkulu si chinthu chapafupi kwa mnyamata wa zaka 19. Koma pali yankho laulemu limene silikhumudwitsa munthu: "Zikomo, bambo, kamodzi kandikwanira chaka chino. Kachiwiri mundisungire pa bere likudzalo." Galu wamkazi wosatseketsa amaswa kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndiye mwini wakeyo adzakhalanso ndi tina toti agawe dzinja lisanabwerenso.